Mzere wa alangizi

Mu Novembala 2002 ndinali ndi zaka 20, ndipo nchito zanga pa boma pa Chadiza zinali zitatu: kusesa ofesi, kukagula mabanzi a tiyi, ndi kuitana intaneti. Ndati kuitana chifukwa masiku amenewo intaneti siinali kugona m'thumba la buluku monga ichitira lero. Unali kuiimbira foni ngati munthu, n'kuyembekeza kuti iyankhe, ndipo kawirikawiri inali kukudula usanatsirize nkhani yako.

Ofesiyo inali ya kabungwe kakang'ono kothandiza alimi, zipinda ziwiri chabe. Amalume ndiwo anandipemphera malo ataona kuti chitsirizire Giredi 12 ndangokhala pakhomo. Munali kompyuta imodzi ya Windows 98 imene tinali kuifunditsa chitenje kuopa fumbi. Pambali pake panali kabokosi kotuwa kokhala ndi timalaiti tofiira, ndiyo modemu. Nthambo yonenepa inali kuchoka kumbuyo kwa kabokosiko n'kukalowa pa kabowo ka mano 9 ka kompyuta, kaja kotchedwa COM1. Nthambo ina yowonda inali kupita kukhoma, ku laini yomweyo imene abwana anali kukambirapo. Intaneti ikalowa, palibe amene akanatitumira foni. Munthu akanyamula foni m'chipinda chinacho, intaneti yathawa.

Inu amene munakulira pa 4G simunamve nyimbo yake. Poyamba tinali kumva manambala akudinika okha, kenako foni ikulira kutali ku Lusaka, kenako mluzu, kenako chiphokoso ngati mphaka wagwera m'chigayo, pothera pake kusokosa ngati mvula pa malata. Ikakhala chete, ndiye kuti mwalowa. Mwezi woyamba ndinali kuganiza kuti kabokosiko n'kodwala. Chonsecho phokoso lonselo ndi mamodemu awiri akupima njira. Laini ya foni anaipangira mawu a munthu, choncho modemu imasandutsa nkhani za kompyuta kukhala timaliu, ndipo inzake ya kutsidya imabwezera timaliuto kukhala nkhani. Asanayambe, amatumizirana maliu oyesera kuti amve mmene waya ulili lero, monga munthu aponya ndodo patsogolo powoloka mtsinje wodzala. Waya ukakhala woyera amagwirizana zothamanga. Ukakhala ndi phokoso amagwirizana zoyenda pang'onopang'ono. Phokoso likakula ali pakati pa ulendo amaima, n'kupimanso, n'kutsika liwiro. Likapitirira, amangotayana.

Pa katoni ya modemu yathu panalembedwa 56K ndi zilembo zikuluzikulu. Pa kompyuta, tikalowa, panali kutuluka nambala yokongola kupambana pamenepo: 115,200. Abwana anali kuinyadira nambala imeneyi, mpaka kuonetsa alendo. Tsiku lina kunabwera mnyamata wokonza makompyuta kuchokera ku Chipata. Anaseka, nati, "Abwana, iyi ndi sipidi ya nthambo iyi chabe," akugwedeza kanthambo ka mita imodzi ka pakati pa kompyuta ndi modemu. Atasintha zina m'kati, nambala yeniyeni ya pa laini inayamba kuoneka. Usiku kukakhala kouma tinali kupeza 19,200. Masiku ambiri 14,400. Mvula ikanyowetsa polumikizira mawaya m'mapolo, 9,600 kapena kucheperapo. 56 uja sitinamuone n'kamodzi komwe, ndipo sakanatheka: liwiro limenelo limafuna laini yaifupi, yoyera, yolowa m'makina a digito mosadutsa mwambiri, komanso ndi la polandira chabe. Potumiza, modemu ya mtundu umenewo siipitirira 33,600 ngakhale mutakhala pa Cairo Road.

Manambalawa ndi mabiti pa sekondi imodzi, ndipo chilembo chimodzi chimadya mabiti 8. Ndiye pa 14,400 mukukankha zilembo 1,800 pa sekondi ngati zonse zili bwino, ndipo sizikhala bwino zonse. Tengani chithunzi chimodzi chimene mwajambula lero ndi foni yanu, cha mamegabaiti 3. Pa laini yathu chikanayenda pafupifupi theka la ola. Ndipo theka la ola limenelo linali foni ya mtunda wautali, yolipira pa mphindi, chifukwa nambala imene tinali kuimba inali ya ku Lusaka. Wa ku Kabulonga ndi ife tinali kugula intaneti imodzimodzi, koma iye anali kuimba foni ya m'tauni pa waya waufupi, ife ya kutali pa waya wautali. Amene ali kutali ndiye anali kulipira zambiri kuti alandire zochepa. Abwana anali ndi kabuku kolembamo mphindi, ndipo bilu ikabwera nkhope yawo inali kuoneka ngati ya munthu wochokera kumaliro.

Musatiseke kwambiri, pakuti dziko lonse linayambira pomwepo. Pamene ZAMNET, kampani imene inabadwira pa University of Zambia, inalumikiza Zambia ku intaneti yathunthu mu Novembala 1994, laini yake yopita ku Cape Town inali ya 14,400 yomweyo. Dziko lonse pa kanjira kamodzi kamene ife tinali kudandaula nako tili atatu mu ofesi. Komabe Zambia inali pakati pa maiko oyambirira mu Africa kufika pamenepo, ndipo kanjirako kananyamula zolemera. Mu Febuluwale 1996 boma la a Chiluba litaletsa kope lina la nyuzipepala ya The Post, linachita kulamula kuti lichotsedwe ndi pa intaneti pomwe, kumene anthu anali kuliwerenga ali kunja kwa dziko. Mawu olembedwa ndi opepuka, amadutsa ngakhale pa waya woonda. Mfundo imeneyi ine ndinaidziwa mochedwa.

Chaka cha 2002 chinali cha njala. Mu Meyi a Mwanawasa analengeza kuti dziko lili pa tsoka la kusowa chakudya, ndipo ndi chaka chomwecho boma linakana chimanga cha GMO chimene chinabwera ngati thandizo. M'mawailesi anali kukangana za chimangacho, koma kwathu nkhani inali ya nkhokwe zimene zinayera mvula isanagwe. Anthu anayamba kuphika mango aawisi ndi kusakaniza gaga mu ufa. Ofesi yathu yaikulu ku Lusaka inatumiza mawu akuti pali chimanga chimene chingapezeke cha miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, koma afuna mndandanda wa mabanja ovutika, wolembedwa pa kompyuta, ufike pa imelo pasanakwane 17 koloko pa Chisanu china chakumapeto kwa Novembala.

Amene anasonkhanitsa mainawo anali alangizi athu, bambo wachikulire wosakonda kukamba zambiri. Anayenda masabata atatu pa njinga m'midzi ya kwa Mlolo, kwa Mwangala ndi kwa Zingalume, akulemba m'buku lachikuto cholimba. Ine ndinali kukopera mu Excel ndi zala ziwiri: mudzi, dzina la mwini nyumba, chiwerengero cha anthu pakhomo, kukula kwa munda, ndipo kumapeto mzere umene iwo anautcha wa ndemanga. M'menemo anali kulemba zimene aona ndi maso awo. Wina "mwamuna ali chigonere kuyambira Juni". Wina "anagulitsa mbuzi yomaliza". Wina "ana ali okha, wamkulu ali ndi zaka 15". Inali nthawi ya matenda aja amene tinali kuopa kuwatchula dzina, mankhwala ake asanafike kumidzi. Mabanja onse anali pafupifupi 600. Mzere wa ndemanga ndiwo unandilemetsa kwambiri kutaipa, ndipo kunena zoona ndinali kuuda.

Abwana anafuna kuti a ku Lusaka aone kuti ku Chadiza kuli anthu odziwa nchito. Anatenga mndandandawo n'kuuika m'kati mwa lipoti la Word, pamwamba chizindikiro cha bungwe chamitundumitundu, m'kati zithunzi za nkhokwe zopanda kanthu zimene mlendo wina anatisiyira. Zinaoneka bwino, sindikana. Koma failo inatupa kupitirira mamegabaiti 2, yosakwana n'komwe pa kadisiki ka 1.44. Chimene tonse sitinali kudziwa n'chakuti imelo, ponyamula failo, imailembanso m'zilembo wamba, ndipo potero imanenepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Choipa kupambana apo, Outlook Express siinali kupitiriza pamene yalekezera. Laini ikaduka kutatsala kachidutswa, mukuyambiranso pa chiyambi, ndipo mphindi zonse zija mwalipira kale.

Tinayamba pa Chinayi madzulo cha m'ma 19, nthawi imene foni inali kutsika mtengo. Ulendo woyamba tinalowa pa 14,400, kamzere kabuluu kakukwawa ngati nkhono, ndipo patatha mphindi 11 modemu inangoti khethe, yaduka. Wachiwiri tinalowa pa 9,600, n'kuduka msanga. Wachitatu unafika patali ndithu, abwana mpaka anaimirira, kenako kumwera, cha ku Mozambique, kunang'anima. Lamulo la mu ofesi linali lakuti mphenzi ikayamba, zula nthambo kukhoma, chifukwa modemu yoyamba inapsa motero chaka chapitacho. Ndinazula ndekha failo ili pakati pa njira. Mvula inagwa, malaiti anapita, tinakhala ndi kandulo mpaka 22 koloko, kenako aliyense kwawo.

Mungafunse chifukwa chake sitinangokwera basi. Kuchoka pa Chadiza unali kuyamba wadikira motoka yopita ku Chipata kapena ku Katete pa mseu wafumbi umene mvula inali itausandutsa phala, kenako Great East Road yonse, kutsika mapiri mpaka pa mlatho wa Luangwa, kukafika ku Lusaka kutada. Pa Chisanu m'mawa nthawi ya zimenezo inali itatha kale.

Malaiti anabwera masana. Tinayesa kawiri pa mtengo wa masana, osaphula kanthu. Cha m'ma 15 abwana anaitanidwa ku msonkhano wina pa boma pomwepo, alangizi anali atapita kumudzi. Potuluka abwana anati, "Iwe mnyamata, chotsamo zonse zosafunika, chipite chinthuchi. Ndikabwera ndipeze chapita."

Ndinatsala ndekha ndi wotchi ya pakhoma. Ndinachotsa zithunzi. Ndinachotsa chizindikiro cha bungwe. Ndinataya lipoti lonse la abwana n'kubwerera ku Excel yanga. Pamenepo failo inali itapepuka kale moti ikanapita bwinobwino, koma ine sindinadziwe kuti kulemera kwa failo kumaonedwa pati. Ndinapima ndi maso. Mizere ya mudzi, dzina ndi manambala inali yowonda. Wa ndemanga unali wotambalala, mawu ake otuluka mpaka kunja kwa sikirini. Ndinati chimene chikutilemetsa n'chimenechi, nanga si ndine ndinachitaipa mpaka zala kuwawa? Ndinaudula. Modemu inaimba nyimbo yake, ndinadina, ndipo mphindi imodzi isanathe imelo inali itapita. Nthawi inali 16:10. Abwana atabwera anandigwira dzanja, nandigulira Fanta ndi mabanzi awiri. Usiku umenewo ndinauza amai kuti ndapulumutsa ofesi.

Yankho linabwera kumayambiriro kwa Januwale. Chimanga sichinakwane mabanja onse, choncho a ku Lusaka anasankha. Anasankha ndi chimene anali nacho m'manja, ndipo chimene ndinawasiyira chinali chiwerengero cha anthu pakhomo. Mabanja a anthu 8, 9, 10 analowa poyamba. Sindiwaimba mlandu, inenso ndikanakhala pa desiki lawo ndikanatero. Koma khomo la anthu 9 nthawi zina limakhala ndi manja 10 ogwira khasu ndi mwana wotumiza ndalama kuchokera ku Kopala. Makomo amene anali pa moto weniweni ambiri anali a anthu awiri kapena atatu, chifukwa enawo anali atapita kumanda.

Sabata yogawa itatha, ndikusesa pakhonde m'mawa, kunafika ambuya ena ndi ndodo, kamnyamata kakuwatsogolera. Ananyamuka kwa Mlolo kusanache. Anakhala pansi pafupi ndi masitepe, naomba m'manja, nafunsa ngati pano ndi pamene pali bambo aja anabwera pa njinga kudzalemba maina. Alangizi anatuluka, nagwada pambali pawo, nawalonjera.

"Mwana wanga," anatero ambuyawo, "munandilemba ine. Anzanga alandira. Kapena dzina langa linagwa m'njira?"

Alangizi anakatenga buku lawo, natsegula, nayendetsa chala. Dzina linalipo. Pakhomo anthu 2. Kumapeto kwake, m'malembedwe awo opendekeka: "Maso saona bwino. Mdzukulu wa zaka 6, makolo onse anamwalira. Munda sunalimidwe." Anawerenga chamumtima, kenako anati, osayang'ana munthu, "Koma ndinalemba." Analowa mu ofesi, ine pambuyo ndi tsache langa. Anandiuza kuti nditsegule chimene chinapita ku Lusaka. Ndinatsegula. Anayang'ana pa sikirini nthawi yaitali, akufunafuna kudzanja lamanja kumene kunali koyera.

"Mphwanga, mzere wanga uli kuti?"

"Ndinauchotsa, alangizi. Unali kulemera."

Sanakalipe. Bwenzi atakalipa. Anangofunsa kuti, "Unalemera bwanji?" Ndinalibe yankho, chifukwa sindinaupime.

Patapita zaka, ndikuphunzira za makompyuta ku Lusaka, ndinakumana ndi anthu amene analimbana ndi vuto langa lomwelo ine ndisanayambe sukulu. Nkhani za pa intaneti zimayenda m'timaphukusi, ndipo kuti timaphukusito tidutse pa nthambo ya modemu pamafunika kalamulo kouza makina pamene phukusi layambira ndi pamene lathera. Kakale kanali SLIP, kamene kanalembedwa mu 1988, kosavuta koma kosatha kuzindikira ngati phukusi lawonongeka m'njira. Kenako kunabwera PPP, kamene Windows 98 yathu inali kusewenzetsa. Phukusi lililonse limanyamula envelopu yake, mabaiti 40 a keyala ndi manambala, ngakhale m'kati mutakhala chilembo chimodzi chokha. Pa waya woonda envelopu yotere ndi katundu. Mu 1990 katswiri wina wa ku America, Van Jacobson, anaona kuti zambiri za pa envelopuyo sizisintha kuchoka pa phukusi lina kufika pa linzake, ndiye palibe chifukwa chozibwerezera. Anapeza njira yotumizira chokhacho chimene chasintha, ndipo mabaiti 40 aja anatsika kufika pa 3 kapena 5. Kalata ya m'kati sanaikhudze. Ndinaphunziranso kuti modemu yathu yomwe ija inali ndi luso lofinya mawu olembedwa pamene ikutumiza, moti mawu wamba anali kuyenda mofulumira kuposa nambala ya pa sikirini, pamene zithunzi za JPEG, zofinyidwa kale, inalibe nazo chochita. Pa zonse zimene zinali mu failo ija, mawu a alangizi ndiwo anali katundu amene modemu ikananyamula mosavuta kupambana onse. Ndinakhala m'kalasi muja ndikuwerengetsera kumbuyo kwa kope: mabanja 600, ndemanga iliyonse zilembo ngati 40, zonse pamodzi makilobaiti 24.

Lero tsamba wamba la pa intaneti limalemera kupitirira mamegabaiti 2, ngati lipoti lija la abwana, ndipo ambiri amene amapanga masambawo amawayesera pa WiFi ya mu ofesi ku Lusaka, pa 115,200 wawo. Ndikapita kumudzi ndimaona achinyamata ataimirira pa chulu, foni m'mwamba, akulimbana ndi fomu yofunsira nchito imene ikuyamba yatsitsa chithunzi chachikulu cha anthu akumwetulira isanawaonetse polemba dzina. Bandulo ikutha, kagudumu kakungozungulira. Enanu amene mukuwerenga pano ndinu mukupanga masamba amenewo, ndipo ndikakhala nanu pa nchito mumadabwa kuti n'chifukwa chiyani mdala uyu amafunsa kukula kwa chithunzi chilichonse.

Tsiku lija la Januwale alangizi anatuluka, napita kunyumba kwawo, nabwera ndi meda ziwiri za chimanga cha ana awo m'kathumba. Anamangirira pa njinga, nakweza kamnyamata kaja pakaliyala, iwo n'kumakankha, ambuya akutsatira ndi ndodo. Asananyamuke anandiuza kuti nditumize mzere wawo ku Lusaka tsiku lomwelo, pa mtengo wa masana, ndipo abwana akafunsa za bilu ndinene kuti adule pa malipiro a alangizi. Maina a ambuyawo ndi ena angapo onga iwo analowa pa kugawa kwachiwiri, kumapeto kwa Febuluwale, patapita masabata 6 a nyengo yoipitsitsa ya njala.

Failo yakale yokhala ndi ndemanga inali ikadali mu kompyuta. Ndinakopera maina ndi mzere uja pa failo yatsopano, ndinavundukula modemu, ndinaimba. Kunja kunali kouma, tinalowa pa 14,400. Ndinadina potumiza maso ali pa muvi wa masekondi wa wotchi ya pakhoma. Kamzere kabuluu kanadzala muvi utayenda masekondi 19.